Amalume ndi Soseji Rolo ya ku England

Amalume anga atabwera kudzacheza kuno ku England, ndinawakweza sitima kupita ku Newcastle, kwawo kwa Greggs. Kampaniyi anaiyambitsa ndi John Gregg mu 1939, akuyenda pa njinga kugulitsa mazira ndi yisiti, koma lero ili ndi mashopu opitirira 2,000. Ndinawagulira soseji rolo, ija amakulunga nyama ya soseji mu ufa wokanda n'kuphika mu uvuni. Anasuzumira m'kapepalamo, n'kununkhiza.

"Mphwanga, ndiwo ndaziona. Nanga nsima ibwera nthawi yanji?"

Anadya zitatu, nyenyeswa zili waa pa jekete ndi m'ndevu. Madzulo akuimba foni kumudzi ndinawamva akudandaula: "Mayi mwana, kuno chifikireni sindinadye."

*

Ndinawafotokozera kuti mu 2012 nduna ya zachuma, George Osborne, inafuna kuika msonkho wa 20 peresenti pa zophikaphika zogulitsidwa zikutentha. Anthu anakwiya ngati wawatukwanira mayi. David Cameron, yemwe anali nduna yaikulu, pofuna kuoneka munthu wamba ananena kuti naye anagulapo chophikaphika china chotchedwa pasty pa siteshoni ya Leeds, atolankhani n'kupeza kuti shopu ankanenayo inali itatsekedwa kalekale. Boma linabwerera m'mbuyo: chophikidwa n'kusiyidwa kuti chizizire chokha sichilipira msonkhowo.

Mawa lake tinapeza zongotuluka kumene mu uvuni. Amalume anabisa yawo m'jekete, maso uku ndi uku, n'kuyamba kuiuzira msangamsanga.

"Amalume, mwatani kodi?"

"Khala chete iwe! Izizire a msonkho asanationenso."

*

Pa shelefu panalinso soseji rolo yopanda nyama, imene Greggs inatulutsa mu Januwale 2019. Mtolankhani Piers Morgan anailawa pa wailesi ya kanema n'kuilavula, ndipo kulavula kwakeko kunangochititsa kuti anthu aithamangire. Amalume anamvetsera nkhaniyi pakamwa pali yasa.

"Soseji yopanda nyama? Ndiye kuti nkhumba za kuno zili pa tchuthi?"

Anailawa, n'kutafuna nthawi yaitali. "Ndi yabwino ndithu. Koma ukadzauza anthu kumudzi kuti ndinakwera ndege kudzadya ndiwo zamasamba, cholowa changa usadzachione."

*

Ku Scarborough, m'mbali mwa nyanja, anthu ake amanyadira kampani ya zophikaphika ya Cooplands, yomwe inayambira m'tauni momwemo mu 1885. Tinagula soseji rolo ziwiri n'kukhala pa benchi kuti tiyerekeze ndi za ku Newcastle. Amalume atangokweza dzanja kuti alume, chimbalame choyera cha m'nyanja chinatsika n'kuitsomphola yonse. Anatsala ndi kapepala kokha, pakamwa pakadali potsegula.

Anatola mwala. "Mbalame yonenepa chonchi anthu mukungoiyang'ana? Imeneyitu ndi ndiwo ya masiku awiri!"

Ndinawagwira mkono n'kuwauza kuti mbalamezi zimatetezedwa ndi lamulo la 1981, ndipo woipha akhoza kukaonekera kukhoti. Anauponya pansi mwalawo, n'kupukusa mutu.

"Dziko ili ndalilephera, mphwanga. Soseji ikatentha boma likuilonda, koma wakuba ali ndi loya."

"Nanga yokoma ndi iti, amalume, ya ku Newcastle kapena ya kuno?"

"Kafunse mbalameyo. Ndiyo yadya."