Malaini Awiri a pa Dyeratu

Taimani nane pakhonde ili pa Dyeratu, pomwe msewu wa ku Boma umapatukira kuchoka mu M1. Dzuwa la ku Chikwawa lili paliwombo, akabaza abisala pansi pa nimu, kondakitala wa minibasi ya ku Nchalo wasasa mawu. M'kashopu ka fotokope umu muli mtsikana, laputopu ndi mafoni awiri. Ya TNM yapachikidwa pamsomali wa pawindo, ya Airtel yagona pakatoni ya mapepala.

Mnyamata wa tayi, thukuta kamukamu, akufuna kalata yofunsira ntchito ipite 5 koloko isanakwane.

"Sisi, yapita?"

"Ikuzungulira, achimwene."

Pabenchi pali madala ena akudikira kuti aonane pa WhatsApp ndi mwana wawo wa ku Joni. Mtsikana akusuzumira foni iyi, kenako iyo, milomo ikuyenda ngati akuwerengera chenji. Basi wagamula mlandu.

"Agogo, inu mukhala pa iyi. Achimwene, masetifiketi anuwa ndi olemera, adzere uku."

Madala apukusa mutu. "Mwanawe, mapanga awiri avumbwitsa."

"Kuno limodzi ndiye limavumbwitsa, agogo."

Benchi yonse kuseka. Wa tayi yekha ndiye nkhope ili gwa. "Bwanji osangolumikiza onse awiri kuti ithamange kawiri?"

Mtsikana sakudzutsa n'komwe mutu. "Kalata imodzi, njira imodzi."

Ndipotu akunena zoona. M'maofesi akuluakulu ku Blantyre ntchito imeneyi imagwiridwa ndi kabokosi kotchedwa rauta, kolandira malaini awiri kapena atatu. Kamaona laini yomwe yapepukidwa n'kuponyako ntchito yatsopano, ina ikafa kamasamutsira zonse ku yotsalayo. Koma nakonso nthawi zambiri fayilo imodzi kamaidutsitsa njira imodzi. Chimene chimachepa ndi kulimbirana, liwiro la fayiloyo silichulukitsidwa. Foni ya masimu awiri nayo data imayenda pa simu imodzi pa nthawi, n'chifukwa chake sisiyu ali ndi mafoni awiri. Ine ndimati iyeyu amaposa kabokosiko, chifukwa m'mutu mwake mulinso zina: bandulo iti itha usiku uno, iti yatsala madzi amodzi, kasitomala uti angapirire ndi uti ayamba kulalata.

Za magetsi musamufunse, muchedwa. Ayambira pa namondwe Ana wa mu Januwale 2022, yemwe anawononga damu la pa Kapichira, kumtunda kwa Shire konkuno, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Kasola kali padengaka akuti anagula nthawi imeneyo.

Taonani tsopano. Nkhope ya ku Joni yatulukira, madala avula chipewa kupereka moni kwa foni. Asanamalize kufunsa za adzukulu, chithunzi chauma, mwana watsala kukamwa yasa.

"Wakwiya?"

"Ayi agogo, netiweki yapuma."

Pano mpomwe pali luso. Mtsikana sakuwasamutsira madala kulaini inayo msanga. Akudikira kaye kamzere ka palaputopu kafike kumapeto, chala chili m'mwamba ngati wapolisi wa pa Thabwa. Kafika. Ndiye wawalumikiza madala kumeneko, mwana wa ku Joni n'kutseka pakamwa.

"Yapita, achimwene."

Wa tayi wamasula tayi, akuti "Ndinu dolo, sisi," kwinaku akuyesa kunenerera mtengo poti kalata yachedwa. Sizitheka. Pano mtengo wotumizira kalata ndi umodzi, kaya yadzera laini iti.