Mutigulireko Chambo

M'nyumba mwathu chinsinsi sichigona kawiri, makamaka chikagwera m'khutu la mwana wa zaka zinayi. Ine ndi mayi akunyumba tinapangana monong'onezana kuti pa Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, tipite ndi ana ku Mangochi akaone madzi oti si a m'chigubu. Kutacha, Chisomo anaima pageti n'kulengezera Chilomoni yense kuti iye akukasamba ndi ng'ona.

Dzulo pochokera kuntchito ndinapeza aneba athu, Mayi a Junior, atakhazikika pakhonde, nkhope ili ndwii ngati abwera kudzapepesa maliro.

"Bambo a Chisomo, ndiye mpaka kunyanja osatiuza?"

Funso limeneli m'tauni muno safunsira kuti uyankhe. Amangogogodera, mndandanda uli m'mbuyo. Chambo zisanu, zikuluzikulu. Usipa wodzadza kandowa. Malambe a ana, ndi chipewa cha mlaza cha abambo akunyumba kwawo. Nanga ndalama? "Aa, tidzaonana mukabwera, ife si anthu othawa." Zoonadi sathawa. Chitengereni nkhwangwa yathu chaka chatha, tikuonana tsiku ndi tsiku.

Anthu a mu Blantyre amaganiza kuti ku Mangochi chambo chimatuluka chokha m'madzi, n'kudzipala mamba, n'kudzagogoda pagalimoto kupempha lifiti. Sadziwa kuti nsombayi inachepa m'nyanjamo, ndipo wogulitsa akangoona bambo wa kabudula ndi magalasi akuda akutsika ndi ana atatu, mtengo umakwera iwe usanapereke n'komwe moni.

Pamene aneba amawerenga zala, m'nyumba munali nkhondo ina. Ulendowu ndi wa masiku awiri okha, makilomita osafika 200, kudzera ku Zomba ndi ku Liwonde, koma wolowa pabalaza akanayesa tathamangitsidwa ndi eni nyumba. Matewera mpukutu wathunthu. Fulasiki ya phala ndi ina ya madzi otentha, ngati kuti ku Mangochi mu Okutobala kumasowa chotentha. Neti ziwiri, Panado, zitenje zisanu ndi chimodzi: chobereka, choyala, chotchinga dzuwa, chopukutira, chosanzira, ndi china chomwe mayi akunyumba akuti ntchito yake idzadziwika komweko. Beseni losambitsira khanda likupita kunyanja. Majuzi atatu aubweya nawonso alowa m'chikwama, poti agogo awo anaimba foni kuti mwana asamagone pamphepo. Mphepo yake iti, kumalo komwe ngakhale abuluzi amafuna mthunzi?

Wamkulu, wa zaka zisanu ndi ziwiri, wanenetsa kuti njinga yake siitsala. Chisomo wavala kale zosambira kuyambira Lolemba, amagona nazo, ndipo mphindi iliyonse amafunsa ngati tafika, galimoto isanalizidwe n'komwe. Zonsezi zikuyenera kulowa mu Vitz, kagalimoto koti ukaikamo thumba limodzi la makala kamayenda kakuyang'ana kumwamba.

Ndiye Mayi a Junior anasuzumira m'buti, n'kupukusa mutu ngati wapolisi wa pa rodibuloko. "Malo alipo ambiri." Anatulutsa kajumbo komanga ndi linya koti ndikasiyire achemwali awo "panjira pomwepo." Panjira pomwepo ndi ku Namwera. Amene sadziwa, Namwera umachita kuwoloka Shire pa Mangochi boma, n'kukwera mapiri kulowera ku Chiponde, kumalire a Mozambique. Kajumboko nakonso, pofika lero m'mawa, kabereka thumba la ufa ndi wailesi yakufa yoti alamu awo akakonze. Mafuta omwe ndinawafolera theka la tsiku pa filing'i siteshoni, iwo akuwaona ngati amatuluka pampopi.

Chomwe chimandipsetsa mtima si katunduyo ayi, koma mawu aja akuti "mungo-". Mungonditengerako, mungokasiyako, mungogulako. Ukangomva "ngo" pakati pa mawu, dziwa kuti tsiku lako latha. Ndipo womaliza anali wamkulu kuposa onse: "Mungomutengako Junior, sanaionepo nyanja. Sadya zambiri." Junior ameneyu ndimamudziwa. Pa phwando la Chisomo anamaliza mbale ya mpunga ya alendo anayi, n'kufunsa ngati nkhomaliro yayandikira. Ndipo mwana wa eni ukapita naye kumadzi sukhala pansi. Ako atatu akhoza kumwa mchenga, iwe maso ali pa Junior, poti akangopalika bondo mlandu wake ukafika mpaka kwa amfumu.

Ndinakonza mawu okana, abwino ndithu, okhala ndi mwambi pakati. Ndinayeserera kubafa kawiri. Koma madzulo ano mayi akunyumba andikumbutsa kuti makiyi a nyumba tikusiyira Mayi a Junior. Ndiwo azidyetsa galu, kuthirira mpiru, ndi kuyatsa getsi lapanja usiku kuti akuba aziyesa tilipo. Andikumbutsanso, mosafunikira kwenikweni, kuti chaka chatha achimwene anga akupita ku Karonga ndinawatuma mpunga wa Kilombero thumba lathunthu, ndipo mpaka lero tikuonana.

Posakhalitsa aneba aja anagogoda, atanyamula mbale ya zitumbuwa zotentha zoti ana azikadya panjira. Mtima wanga unasungunuka pang'ono. Ndinati basi, Junior akhale pakati, anyamule beseni pamiyendo.

Anathokoza mpaka kugwada. Atafika pageti anatembenuka.

"Koma pobwera chambocho musakachipachike pagalasi lagalimoto ngati mmene amachitira enawa. Anthu a m'dera lino mukuwadziwa, akangoona ayamba kupempha."