Mbuzi zanga tsopano zimadya magetsi

Wina andifotokozere bwinobwino. Ndodo yowotcherera zitsulo imene yakhala pa shelefu kuyambira chaka chatha, bokosi lake mpaka kuchita fumbi, imadziwa bwanji kuti dola yakwera? Ili ndi wailesi? Ndikufunsa chifukwa sabata yatha, ndisananyamuke pa Namitete, ndinaimbira foni mwini sitolo wina wa zitsulo ku Malangalanga mumzinda wa Lilongwe, nandiuza mtengo wa bokosi la marodi. Minibasi inadutsa pa Msundwe, inaima pa Mpingu kudikira mayi wina amene ankatsanzikabe abale ake mmodzimmodzi, ndipo pomwe timafika m'tauni mtengo uja unali utakula kale. "Ndi dola, bwana," anatero mnyamata wa m'sitolomo, uku akufufuta nambala ndi chala chamalovu kuti alembe ina. Masiku ano mitengo akulemba ndi pensulo.

Ine dola sindinaigwirepo chibadwire. Ndimangomva kuti mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, kenaka mu November 2023 ndi 44 peresenti, ndipo nthawi zonse akuluakulu amati akuikonza. Ndalama imene ine ndimaidziwa ili ndi miyendo inayi ndi ndevu. Mbuzi palibe amene angaitsitse mphamvu pa wailesi usiku iwe uli mtulo. Ukaisiya imodzi m'khola, chaka chamawa umapeza zitatu. Choncho pamene ndinaganiza zotsegula malo owotcherera zitsulo kuseri kwa nyumba, banki yanga inali pomwepo, ikubzikula.

Maganizowa anabwera tsiku limene ngolo ya apongozi inathyoka chitsulo cha pansi ikuchokera kudimba. Wowotcherera wa pamsika anagwira ntchito yosakwana nthawi yophika nsima, natchula ndalama imene ine ndimaipeza ndikapalira munda wathunthu. Ndinayang'ana manja ake, ndinayang'ana anga. Zala zinali zofanana chiwerengero.

Woyamba kupita anali Mkota, mbuzi imene inkabereka amapasa chaka ndi chaka. Ogula a ku Nsaru anabwera ndi njinga yamoto m'mamawa, Mkota akudumphadumpha ndi chisangalalo, ndipo akuluakulu sananame kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. M'malo mwake munalowa makina owotcherera opangidwa ndi mmisiri wina wa ku Kabudula: mawaya a kopa okulungidwa pa timalata tambirimbiri, zonse zili m'bokosi la matabwa, kulemera kwake kofuna amuna awiri odya bwino. Kumene kopayo anachokera sindinafunse. Ndimawerenga m'nyuzipepala madandaulo a kubedwa kwa mathiransifoma, ndipo ine ndine munthu wopemphera.

Mayi a kunyumba, Nabanda, anaima pakhomo manja ali m'chiuno, nayang'ana bokosilo kwa nthawi. "Abambo ake, ndiye Mkota ndi ameneyu?" Ndinavomera. Kuyambira tsiku limenelo palibe pakhomo pano amene amatchula makinawo dzina lina. M'mawa uliwonse moni wanga ndi womwewo: "Mwadzuka bwanji abambo ake? Mkota wabereka?"

Chimene anthu osadziwa ntchitoyi sazindikira n'chakuti chida chimaitana chinzake. Usanawotcherere uyenera kudula, ukawotcherera uyenera kusalaza, ndiye pafunika galayinda. Anapita Tonde. Kunena zoona apa dzina linagwa pamalo pake, chifukwa galayindayo ndi waphokoso, amanunkha akatentha, ndipo ukamutembenukira msana amakuluma. Chitsulo chimene ukudula chiyenera kugwiridwa zolimba, ndiye pafunika vayisi. Anapita Mfule, ndipo vayisiyo watengera khalidwe: wonenepa, wofatsa, amangokhala pamalo amodzi osabereka kanthu. Vayisi amafuna tebulo lachitsulo loti amangiriridwepo, tebulolo limafuna mabowo, mabowo amafuna dirilo. Anapita Msoti, asanalawe n'komwe uchembere.

Chosulirapo chokha ndi chimene sindinagule. Mlamu wanga, amene ali ndi nzeru zambiri zopanda msonkho, anandinong'oneza kuti chosulirapo chabwino ndi chidutswa cha njanji, ndipo njanji ya ku Mchinji imene inamangidwa nthawi ya Kamuzu si ili pafupi pomwepa? Ndinamuuza kuti ndende ya Maula nayonso sili kutali. Ndimasulira pa chitsulo cha injini yakufa ya chigayo.

Mwana wathu wamng'ono aphunzitsi atamufunsa kusukulu kuti kwanu kuli ziweto zingati, anayankha kuti zinayi, koma zonse zimadya magetsi. Anabwera ndi kalata yoti makolo akaonekere.

Musaganize kuti ntchitoyi sindiidziwa. Ndikudziwa kuti rodi ya 2.5 ndi ya machubu opyapyala a mafelemu a mawindo, ya 3.2 ndi ya zitsulo zochindikala ngati za ngolo. Ndikudziwa kuti moto ukachuluka pa chubu chopyapyala umaboola, ndipo ukati utseke bowolo limakula, ukati utsekenso limakulirakulira, mpaka kasitomala amene anabwera ndi felemu ya windo amabwerera ndi sefa. Ndikudziwanso kuti rodi ikalowa chinyezi imangomata pa chitsulo n'kumalilima osayaka, n'chifukwa chake marodi anga amagona pa tsanja la kukhitchini, pamwamba pa moto, pamodzi ndi chimanga cha mbewu. Nabanda amati akaphika nsima amaphikira anthu asanu ndi mmodzi ndi ana a Mkota.

Za maso nazo ndinaziphunzira, ngakhale mlandu wake ndi wa amene anandigulitsa magalasi a dzuwa pamsika n'kundilumbirira kuti ndi omwewo amavala amisiri a ku Joni. Masana zonse zinali bwino. Pakati pa usiku ndinadzidzimuka maso atadzaza mchenga umene palibe anauthiramo, misozi ili chuchuchu, kutsegula kosatheka, kutsinzina kosathekanso. Kuwala kwa moto wowotcherera kumawaula diso, koma ululu wake umadikira kaye kuti ugone. Nabanda anadula mbatatesi mopyapyala nandiika m'zikope, uku akung'ung'udza nyimbo ya kumpingo mwa njira imene imasonyeza kuti munthu akuseka. M'mawa mbatatesi ija ndinaipeza m'mbale yokazinga. Pakhomo pano sititaya chakudya. Chigoba chenicheni chotchingira nkhope, chokhala ndi galasi lakuda bii, chinadya tambala, koma nkhuku sitiziwerenga m'kaundula.

Tsono ziweto zangazi msipu wake ndi wovuta. Mbuzi yeniyeni chilimwe chikafika imadya makoko a nthochi, mapepala, ngakhale sopo. Izi zimafuna mayunitsi, ndipo ukagula mayunitsiwo uyenera kudikiranso kuti magetsi enieniwo abwere. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire mu January 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo tonse tinaphunzira kuti mvula ikagwa ku Chikwawa, wowotcherera wa ku Namitete amapita kukasewera bawo. Kapichira anakonzedwa, koma magetsi a kwathu kuno chizolowezi choyendayenda sanachisiye. Amachoka nthawi imene kasitomala wafika, amabwera nthawi imene afiti akunyamuka. Usiku wina atabwera ndinadzuka msangamsanga kukamasula Tonde kuti ndimalize chitseko cha munthu. Agalu a mudzi wonse anayamba kuuwa, makanda kulira, ndipo apongozi aakazi anatuluka ndi tochi atafunda chitenje kumutu. "Bambo, kodi kwanu kumene munachokera anthu sagona?" Ndine mkamwini pamudzi pano, ndipo mkamwini asamakule mwendo. Ndinam'bweza Tonde m'khola.

Nzeru inati gula jenereta. Apa panapita amapasa omaliza a Mkota, onse awiri tsiku limodzi. Jeneretayo mawu ali nawo, koma Mkota akangokhudza chitsulo, iye amatsokomola kawiri n'kukomoka. Akuti makina okulunga pamanjawa amakoka moto wambiri poyamba, ndipo kajenereta ka mababu ndi wailesi sikangawanyamule. Mphwanga wa m'tauni akuti yankho ndi kamakina katsopano kochokera ku China, kopepuka konyamula ndi dzanja limodzi, kosadya magetsi ambiri. Ndinamufunsa kuti n'zingati. Anatchula. Ndinasuzumira m'khola, munali chingwe chokha. Nanga petulo wa jeneretayo? Nthawi imene mafuta ankasowa ndinaima pa mzere ndi chigubu tsiku lathunthu, pofika kutsogolo n'kuuzidwa kuti zigubu sakuthira. Ndinafunsa ngati ndibwere ndi jeneretayo pamutu. Anati ikhale ndi nambala ya galimoto.

Makasitomala alipo, zimenezo ndisaname. Dera lino ngolo ndi zambiri, ndipo ngolo iliyonse ndi ekiselo ya galimoto yakale imene inatopa kale isanakumane ndi ng'ombe. A kabaza amathyola makaliya tsiku ndi tsiku. Makasu, mawilibala, mbaula zothyoka miyendo, zitseko za magolosale, zonse zimafika. Chimene sichifika ndi ndalama. Aliyense ndi m'bale wake wa Nabanda, ndipo aliyense adzalipira akagulitsa fodya ku Kanengo. Msika wa fodya umatsegulidwa cha mu April. Munthu amakuuza zimenezi mu August, nkhope ili gwa, fodyayo asanafese n'komwe nazale. Malume ake a Nabanda anachokera ku Nambuma ndi pulawo yothyoka, ndinaikonza, ndipo pochoka anandilipira ndi malangizo akuti munthu wanzeru amaweta mbuzi.

Ntchito zimene zimatuluka zowongoka pakhomo pano, ndikuuzeni, zimakhala zoti wagwira ndi mnyamata wina amene amabwera Loweruka. Anaphunzira zowotcherera mpaka kulandira satifiketi. Akayendetsa rodi mzere wake umatuluka wosalala, makoko ake amasupuka okha osawagogoda. Masiku ena onse amapalasa kabaza, chifukwa bambo ake analibe khola. Apa ndiye sindiseka. Namitete Technical College ili pomwepa, TEVETA yakhalapo kuyambira 1999, makoleji a ntchito zamanja a m'madera anayamba kutsegulidwa mu 2015, ndipo pa msonkhano uliwonse wandale amauza achinyamata kuti asamadikire kulembedwa ntchito, adzilembe okha. Adzilembe ndi chiyani? Makina, galayinda, madisiki, marodi ndi zitsulo zambiri zimene timagwiritsa ntchito zimachokera kunja, mtengo wake umatsata ndalama imene mnyamatayu sadzaiona, ngongole ya kubanki imafuna chikole chimene alibe, ndipo akapeza zonsezo magetsi a pamsika sangawadalire. Tikuphunzitsa ana luso n'kuwatulutsa pachipata manja ali m'thumba. Mnyamatayu akusunga ndalama ya basi ya ku Johannesburg, ndipo akapita, mageti amene akanawotcherera ku Nsaru akawotcherera a eni ake kumeneko. Tsiku limenelo mudzamva akuluakulu akudandaula pa wailesi kuti achinyamata a masiku ano sakonda dziko lawo.

Koma ndisatalikire, ndili ndi mlandu. Mkota ali ndi khalidwe lakuti akayamba kudya, mababu a nyumba zonse za mzere wathu amatsinzina, akaleka amayaka mopitirira. Lachitatu lapitali mnansi wanga ankaonera mpira, ine ndikulumikiza kaliya ya njinga, ndipo kanema wake anatulutsa utsi. Iye akuti ndi Mkota. Ine ndikuti kanemayo anali wokalamba, ndipo timu imene amaikonda ingapsereze chilichonse. Nkhani inafika kubwalo kwa a nyakwawa, pansi pa mtengo wa mango, anthu atadzaza ngakhale amene alibe magetsi m'nyumba zawo. Atamva mbali zonse, a nyakwawa anagamula kuti ziweto za munthu zikalowa m'munda mwa mnzake mwini ziweto amalipira, ndipo chindapusa chake ndi mbuzi imodzi.

Ndinapempha kuti andidikire pang'ono. Ndinapita kunyumba, ndinabwera nditanyamula Tonde m'manja, chingwe chake chikukwekwereka pansi, n'kumuika patsogolo pa bwalo mwaulemu wonse. Ndinaitana Nabanda kuti achitire umboni kuti ameneyu ndi mbuzi, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatirane anandivomereza pagulu: "Zoonadi mfumu, ndi Tonde ameneyu. Ndinamulera ndekha."

A nyakwawa anamutembenuza uku ndi uku, nayesa disiki ndi chala. Anati bwalo silingadye chitsulo, koma amusunga ngati chikole kufikira nditabweretsa mbuzi yopuma. Pamene ndikulemba pano Tonde ali kwa amfumu, kumene kuli magetsi a mzere wina umene suthimathima ngati wathu, ndipo ndamva kuti mwana wawo wayamba kale kunolera anthu zikwanje ndi nkhwangwa pa mtengo wotsika kuposa wanga.