Mame Osakamuka

Makolo athu, amene sankatulutsa mawu asanawatafune, anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ndipo ine sindinawatsutsepo kufikira chisanu chapitachi, pamene munthu amene ndinakula ndikuingitsa mpheta m'munda wa mapira, legeni ili m'khosi, ndinapezeka ndikugula mtedza ndi ndalama za thukuta langa kuti ndidyetse mbalame kuseri kwa nyumba kuno ku Manchester, monga achitira eni dziko.

Mbalame zinadya masiku awiri. Tsiku lachitatu kunafika gologolo.

Gologolo wotuwayu si mbadwa ya kuno ayi. Makolo ake anachokera ku North America, ndipo mu 1876 ena a iwo anamasulidwa ku Henbury Park, ku Cheshire, kuti azikometsera nkhalango ya munthu wachuma. Anabalana, nachulukana, nadzaza dziko, kotero kuti gologolo wofiira, mwini mudzi, watsala makamaka ku Scotland. Mame anji amene apirira dzuwa zaka zoposa 140? Komatu dzuwa la kuno, tinene zoona, siliumitsa ngakhale mpango.

Ndinapachika botolo la mtedza pa waya. Iye anayenda pa wayapo chadodolido. Ndinaliimika pa chitsulo chimene ndinachipaka mafuta ophikira. Anatsetsereka kawiri, nakhala pansi kunyambita zala zake, nalumphira botololo kuchokera pampanda, naliboola ndi mano ake amene saleka kukula, pakuti paja mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Atandiuza agogo a nyumba yoyandikana nafe kuti mbalame sizimva kuwawa kwa tsabola pamene gologolo amakumva, ndinapita kukhitchini mwakachetechete ndi kusinja kambuzi amene mayi a kunyumba anabwera naye kuchokera kumudzi. Gologolo anayetsemula, napukuta kukamwa, napitiriza kudya ngati munthu amene wapeza ndiwo zokolera.

"Bambo a ana," anatero mayiwo madzulo ake, botolo lopanda kanthu lili m'manja, "kambuzi wanga mwapatsa khoswe?"

Za msampha ndinazileka nditamva kuti lamulo la kuno sililola kumasula gologolo wotuwa ukamugwira. Agogo aja, amene ndi munthu wa mtima wabwino, ananena pampanda kuti zilombozi zinangobwera kudzadya za eni ake ndipo zikanabwerera kwawo. Kenaka anandiyang'ana, nkhope inafiira, nathamangira kukatereka tiyi. Ine ndinabwera kudzaphunzira zaka ziwiri, ndipo mwana wanga woyamba, wobadwira konkuno, wayamba kumeta ndevu.

M'mawa uno ndinamupeza mlendo mnzangayo akukwirira mtedza mumphika wa maluwa, akutsendera dothi ndi timanja take mosafulumira, ngati mlimi amene akudziwa kuti adzakhalapo pokolola. Ndinamuikira mtedza wakewake m'mbale pansi pa mpanda, kuti za mbalame zikhale za mbalame. Anatha wa m'mbalemo, nandiyang'ana pawindo, nakwera kukadya wa mbalame.