Nalonso dzuwa la ku Salima limapita kutchuthi

Anthu a ku Lilongwe ali ndi chikhulupiriro chimene sichinalembedwe m'buku la mpingo uliwonse. Amati munthu akangotsika zitunda za ku Mvera n'kuona mlambe woyamba, walowa m'dziko limene mitambo inaletsedwa ndi boma. Ndiye likafika Lachinayi foni yanga siipuma. Alamu, asuweni, ngakhale anzanga a ku pulayimale amene tinatayana kalekale, onse funso lawo ndi limodzi: "Achimwene, kunyanjako kuli dzuwa?" Safunsa kuti ana adzuka bwanji. Safunsa ngati denga lija tinafolera. Ndinasanduka nthambi ya zanyengo yosalandira malipiro, ndipo makina anga onse ndi kutulutsa mutu pawindo.

Nthawi zonse ndimayankha kuti lilipo. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma wa ku Lilongwe amadza ndi paketi ya shuga, buledi, ndipo tsiku lamwayi ndi mafuta ophikira. Munthu wanzeru sabweza zinthu zotere chifukwa cha kamtambo kamodzi.

Kale sitinkadya za dzuwa ayi. Njanji inafika ku Salima m'chaka cha 1935, ndipo inathera pompano kwa zaka zoposa makumi anayi, mpaka pamene anaipitiriza kukafika ku Lilongwe mu 1979. Nthawi imeneyo fodya wa m'chigawo chapakati ankatsika ndi malole kudzakwera sitima kuno. Thonje linkalowa m'jinale, mabelo ankadzaza mabogi, ndipo ku Chipoka katundu wa pasitima yapamtunda ankakumana ndi sitima zapamadzi. Agogo anga aamuna ankanyamula mabelo amenewo pamsana, ndipo mpaka tsiku la imfa yawo ankanena kuti iwo anagwira ntchito "m'tawuni", akuyang'ana ife adzukulu ndi diso lachisoni. Lero ana anga sitima yonyamula anthu amaiona pachithunzi cha m'buku la kusukulu. Injini imene yatsala yochuluka pa Kamuzu Road ndi miyendo ya anyamata a kabaza.

Thonje lambiri la dziko lino nthawi ya atsamunda linkapita ku England, kumafakitale a nsalu a ku Manchester ndi madera ozungulira. Inde, Manchester yomwe ija imatiyambanitsa m'nyumba zoonetsera mpira Loweruka lililonse. Akuti chinyezi chakumeneko chinkathandiza kuti ulusi usamadukeduke. Mafakitale awo a nsalu anatsekedwa, iwo anatsala ndi mvula ndi mpira. Ife tinatsala ndi dzuwa ndi njinga. Ndikamawaona pakanema akuthamanga mvula ikuwatsanulira, ndimawamvera chisoni mokweza mawu kuti onse m'holomo amve kuti ine ndine wa dziko la dzuwa.

Chisoni chimenecho chinandithera tsiku limene mwana wanga wa Fomu 3 anabwera ndi kope lake la jogalafe. Akuti ku Manchester mvula ya chaka chonse siifika mamilimita 900. Ku Lilongwe nakonso imasewera cha pomwepo. Koma kuno ku Salima timalandira pafupifupi mamilimita 1,200. Ndinamuuza kuti aphunzitsi ake anatembenuza tsamba, iye n'kundionetsa chizindikiro chofiira chakuti anakhoza. Kusiyana kwake n'kwakuti ya anzathuwo imagwa mowaza chaka chonse, pamene yathu imadikira Disembala n'kukhuthula zonse pofika Malichi, kenako n'kutsanzika. Pa maola a dzuwa ndiye tikuwaposa kawiri, ife pafupifupi 3,000 pachaka, iwo osafika ndi 1,500 omwe. Chiwerengero chachiwirichi ndinachiloweza pamtima. Choyambacho ndinamupempha mwana kuti asamachitchule pamaso pa alendo.

Dzuwa lilipo ndithu, ndisakunamizeni. Umboni wake uli ku Nanjoka, kumene kampani ya JCM inayala magalasi oposa 200,000 otapa mphamvu ya dzuwa, okhoza kutulutsa magetsi okwana mamegawati 60, ndipo anayamba kugwira ntchito mu 2021. Anthu amenewo sanabwere kudzafunsa maganizo anga, ngakhale kuti ine ndakhala ndikutapa dzuwa lomweli ndi dazi langa kwa zaka zonsezi popanda kuyatsa ngakhale babu limodzi. Ndinayesa kufotokoza pabawo kuti poti dzuwalo limayamba kudutsa padenga langa lisanafike ku Nanjoka, ndiyenera kulandirapo kangachepe. Anzanga anati ndikalembe kalata. Mayi akunyumba anati ndiyambe ndalipira ngongole ya makala.

Amene akufuna kulidziwa bwino dzuwa limeneli abwere mu Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala. Nyanja yathu ili mamita osafika 500 pamwamba pa nyanja yamchere, Lilongwe ali pa mamita oposa 1,000, Dedza ndiye ali m'mwamba kuposa pamenepo. Ife tili pansi pa mphika, anzathu ali pachivindikiro. Malata amayamba kulira thetheche nthawi ya kadzutsa isanathe. Majarini amamwedwa ndi supuni. Usiku banja lonse limasamukira pabwalo ndi mikeka, kumene udzudzu umakhala utakonza kale mwambo wotilandira. Mayi amanyowetsa chitenje n'kufunda, pakapita mphindi zochepa chauma gwa.

Koma choopsa kwambiri mwezi umenewu ndi mpando wa kabaza. Khushoni yake ndi ya pulasitiki, yaima padzuwa kuyambira m'mawa, ndipo mnyamata amaipukuta ndi kansalu mwaulemu n'kunena kuti, "Kwerani, bwana." Tsiku lina ndinali pa ulendo wa ku ukwati, nditavala suti yakuda ndi tayi, chifukwa munthu wa msinkhu wanga sapita kumwambo ndi malaya okha ngakhale kunja kukuyaka moto. Nditangokhala, ndinaimiriranso msanga mwakuti anthu a pamsika anaganiza kuti kukudutsa maliro, ena anavula zipewa. Mnyamata uja anandifunsa ngati ndaiwala kanthu. Ndinati ndimangowongola buluku. Ulendo wonse ndinayenda nditakhalira mbali imodzi, ndikusintha pa mtengo wa magetsi uliwonse.

Tsono nayi nkhani imene sindinena pafoni. Kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Ogasiti kumabwera mwera, mphepo ya kumwera chakum'mawa. Masiku ena kumacha kuli mbuu, nyanja yasintha mtundu, mafunde akumenya gombe la Senga Bay mwaukali. Pawailesi a zanyengo, enieniwo olandira malipiro, amachenjeza onse oyenda panyanja kuti asamale. Asodzi amakokera mabwato kumtunda, n'kukhala pansi kusoka maukonde ndi kusewera bawo, ndipo mtengo wa usipa umakwera kuposa mafundewo.

Alamu anga a ku Area 25 anasankha Julayi wotere kubwera ndi banja lonse. Anatsika galimoto atavala kabudula wamaluwa ndi magalasi akuda, thawulo lili paphewa, ana atanyamula chubu. Pofika masana anali atakhala pafupi ndi mbaula, mano akugundana, atavala juzi la mayi akunyumba la mabatani agolide.

"Alamu, paja munati kuli dzuwa?"

"Lilipo, alamu. Kungoti lero lili pamwamba pa mitambo."

Sanaseke. Shuga anasiya ndithu, koma anamuika patebulo mwamphamvu.

Nyengo ya dzinja ndiyo imasiyanitsa odziwa ndi olankhula. Chaka china mu Januwale ndinaganiza zolowa bizinesi ya usipa, nditaona kuti amayi a padoko akumanga nyumba za malata ine ndikungopereka malangizo aulere. Ndinagula zidebe zingapo mbandakucha, asodzi atangofika ndi nyali zawo, n'kuyanika pathandala lobwereka. Usipa unkanyezimira, ine ndikuwerengera kale phindu, mpaka ndinafika pogula njinga yamoto m'maganizo. Ndinaona amayi ena akusonkha moto kuti afutse wawo, ena akukazinga. Mmodzi wachikulire anandiyandikira.

"Bambo, mwauona mtambo uwo wa kutsidya?"

Ndinawayankha kuti ine ndinabadwira konkuno, mtambo umenewo ndi wa ku Mozambique, ulibe chiphaso cholowera m'dziko muno. Iwo anangoti, "Chabwino, bambo," n'kubwerera kumoto wawo. Mvula inagwa masiku atatu osapuma. Tsiku lachiwiri ntchentche zinabwera kudzapepesa. Tsiku lachitatu agalu a m'mudzi wonse ankandiperekeza kulikonse, ndipo kutchalitchi ndinapatsidwa benchi yanga ndekha. Mpaka lero ndimaumirira kuti vuto linali usipawo, unachedwa kuuma. Mayi akunyumba akafuna kutseka mkangano uliwonse, ngakhale wa fizi, amangofunsa modekha kuti, "Bambo, kodi mtambo uja unapeza chiphaso?"

Pali mitambo inanso imene imatsutsa ukatswiri wanga. Nthawi zina pakati pa nyanja pamadzuka chinthu chakuda chotalika mpaka kumwamba, n'kumayenda ndi mphepo kulunjika kumtunda. Ine ndinakuwapo kuti anthu anule zovala ndi ufa. Ana anagwa pansi ndi phwete, chifukwa zinali nkhungu, tizilombo touluka tija timaswana m'nyanja. Ena amatikola ndi madengu onyowa n'kuumba ndiwo. Ndinadya nawo madzulo ake, mwakachetechete.

Eni nyanja sanadikire kope la Fomu 3 kuti adziwe zonsezi. Kwa Mfumu Makanjira chilumba cha Mbenji chimatsekedwa mu Disembala n'kutsegulidwa mu Epulo, nsomba ziswane, asodzi nawo apewe mphenzi ndi namondwe wa dzinja. Ndinkafuna kukachitako kafukufuku wanga wa zanyengo, koma nditamva kuti pachilumbapo mowa ndi njuga n'zoletsedwa, ndinaona kuti kafukufukuyo angathe kuchitikira kumtunda konkuno. Nayo nyanja ili ndi nthabwala zake: mu 2024 inadzaza mpaka kumeza mchenga wa malo ambiri ogona alendo, moti obwera ndi mathawulo anapeza dzuwa lilipo koma pogona palibe.

Choncho, abale anga a ku Lilongwe, mukafuna kusamba ndi kujambulitsa, bwerani kumapeto kwa Ogasiti kapena mu Seputembala, mwera utatopa, moto wa Okutobala usanakolezedwe. Mukabwera mu Januwale musaiwale ambulera, ndipo mukandiona ndayanika chilichonse, thamangani mukabisale. Mukabwera mu Juni kapena Julayi, tengani juzi lanu, chifukwa la mayi akunyumba lija linapita ku Area 25 ndipo silinabwerebe. Alamu, ngati mukuwerenga, litumizeni pa minibasi, ine ndikugona pakhonde.