Foni Ikalira Pakati pa Mwezi

Mukafuna kudziwa pomwe mwezi wafika mu Blantyre muno, musavutike n'kuyang'ana kalendala. Kwerani minibasi ya ku Ndirande m'mawa, mutchere khutu ku mafoni. Pa 28 foni ikangoti ilire, mwini wake wayankha kale, mawu ali okwera: "Halo, ndikukumvani bwinobwino!" Koma pofika pa 15 foni imalira m'thumba mpaka kutopa yokha, mwini wake maso ali pawindo ngati akuwerenga mitengo ya m'phiri la Ndirande, chonsecho mitengoyo inatha kalekale.

Lachiwiri lapitali foni ya bambo wina wa tayi inalira kasanu tisanafike n'komwe pa Ginnery Corner. Kondakitala analephera kupirira. "Bwana, yankhani, mwina ndi madalitso." Bamboyo osatembenuka anati, "Madalitso saimba kasanu, mphwanga." Minibasi yonse inafa nalo phwete, ndipo mayi amene anaseka kwambiri ndi yemwe foni yake inayamba kulira pambuyo pake.

Kuseka kumeneko n'kwa anthu odwala nthenda imodzi. Ngongole ya kunyumba siitsala kunyumba. Imadzuka nafe, kukwera nafe minibasi, n'kukakhala pambali pathu kuntchito, bwana akufuna lipoti uku nayo ikufuna yankho uku.

Mlembi wa kampani ina ya ku Limbe akusimbidwa m'maofesi onse a mumsewu wawo. Akuti m'mawa umodzi analandira mauthenga atatu motsatizana: alandilodi akukumbutsa za lendi, kusukulu akuti mwana asabwere Lolemba opanda fizi, ndipo mita ya ESCOM inali itayamba kale kulira usiku. Bwana anamutuma kulemba kalata yopita kwa kasitomala, iye pamalo pa mtengo wa katundu analembapo ndalama ya lendi yake. Mwayi wake wowerengera ndalama anaiona isanatuluke. Kuyambira tsiku limenelo foni yake imagona m'dirowa mpaka nthawi ya nkhomaliro, ndipo onse amene amamufuna ndalama anawauza poyera kuti, "Muziimba 12 koloko ikakwana, ndidzayankha." Anzake akuti chodabwitsa n'chakuti amayankhadi, ndipo alandilodi aja anasiya kuimba kasanu poona kuti kamodzi kakukwanira. Ine njira imeneyi yandisangalatsa kuposa zonse zimene ndamva. Sikuchepetsa ngongole ndi tambala yomwe, koma mayiyo akugwira ntchito ndi mutu umodzi.

Nkhani zenizeni zili pa memo, pomwe antchito amadyera nkhomaliro. Pamenepo mlonda, kalaliki ndi dalaivala amasamba m'manja m'beseni limodzi, ndipo palibe amene angadzitame pomwe aliyense akuona kuti mnzake waitanitsa nsima ya bonya. Mkulu wina wopuma ntchito, amene amabwera kudzacheza chabe, amakonda kukumbutsa anyamata kuti asamadziimbe mlandu pa chilichonse. Amawerenga pa zala: mu May 2022 kwacha inagwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 inagwanso ndi 44 peresenti, dola imene inali pa K1,180 n'kudzuka ili pa K1,700. "Malipiro anu anadzuka nawo?" Onse amapukusa mitu. Mlonda wina anawonjeza kuti boma litaika malipiro otsikitsitsa pa K90,000 mu 2024, alandilodi ake anamva pa wailesi iye asanamve, ndipo madzulo ake anamupeza pakhomo akumwetulira. Za K5,000 ya pepala ndiye musayambe. Itangotuluka mu 2022 anthu ankaipinda mwaulemu n'kuibisa m'thumba la mkati. Lero akuti ukaitulutsa pamsika wa Limbe imatha usanafike kwa ogulitsa tomato.

Mkangano umene watenga masiku atatu pa memo pomwepo ndi wakuti: munthu wa ngongole zambiri ayambe kubweza iti? Dalaivala akuti yamba ndi yaing'ono. Iye anali ndi dzina m'kope la pa okala ya pafupi ndi kwawo, K12,000 ya shuga, sopo ndi mafuta ophikira, ndipo kwa milungu itatu ankazungulira njira ya kumanda kuti asadutse pamenepo. Tsiku limene analipira anadutsa pa okalapo kanayi, kupereka moni kanayi konse. Akuti usiku umenewo anagona ngati khanda.

Aphunzitsi ena a pulayimale sakuvomereza. Iwo anatenga cholembera n'kulemba pa katoni: ukakongola K100,000 kwa akatapila pa 50 peresenti, mwezi uliwonse ikubala K50,000. Ukamangopereka chiwongoladzanja chokha, pakatha miyezi inayi wapereka K200,000, ndipo K100,000 ija ikadali pomwepo, yosakhudzidwa. "Achimwene, a pa okala akhoza kukukwiyirani, koma kope lawo silibereka. Yambani ndi imene ikubereka." Pamasamu aphunzitsiwo palibe angawatsutse, ndipo ine ndili mbali yawo. Komabe dalaivala uja ndikumumvetsa. Munthu amene sakugona sangathe kulimbana ndi katapila, ndipo nthawi zina K12,000 imagula tulo ta mwezi wathunthu.

Za akatapila aliyense ali ndi yake. Yotchuka ndi yakuti iwowa ndi amene amayamba kudziwa kuti malipiro alowa, pakuti makadi a ATM a anthu ali m'chikwama mwawo pamodzi ndi manambala achinsinsi. Wantchito wina wa m'boma akuti anamva kwa katapila wake kuti alipidwa, iye ali m'kati modandaulira anzake kuti mwezi uno boma lachedwa. Anthu anaseka, koma mwini nkhaniyo anangomwetulira pang'ono. Pa pepala lake la malipiro pali mizere ya makampani obwereketsa ndalama amene amadula ndalamayo isanafike ku banki, ndipo yotsalayo ndi imene katapila amayamba kutapa. Munthu wotere akugwira ntchito masiku onse a mwezi, kudzudzulidwa ndi bwana, kuima pamzere wa minibasi, podziwa kuti pa 28 palibe chake. Akamakwiya msanga pa kauntala, mudziwe kuti si inu mwamulakwira.

Ku Bangwe nkhani ili m'kamwam'kamwa ndi ya banki m'khonde. Amayi a gulu lina anapita kukatenga chikole kwa mnzawo amene analephera kubweza, ndipo anasankha wailesi ya kanema. Tsiku lake linali lomwe Bullets imakumana ndi Manoma. Bambo wa panyumbapo anafika ndi anzake awiri, atagula kale zakumwa, n'kupeza patebulo pali kansalu kokha. Akuti anafuula mpaka agalu a m'mudzimo anayankha. Koma akazi awo atatulutsa kabuku, zinaoneka kuti ndalamayo inapita ku fizi ya mwana wa Fomu 3 ndi ku lendi ya mwezi umene bamboyo ankaganiza kuti alandilodi anangowachitira chifundo. Mpira anakaonera kwa aneba. Chimene amayi a gululo akusimba monyadira n'chakuti tsopano Lamlungu lililonse madzulo awiriwo amakhala pamphasa ndi kope limodzi, ndipo bamboyo ndi amene amafunsa kuti, "Amake mwana, masheya a sabata ino tapereka?"

Banki m'khonde ndimaipatsa ulemu. Njirayi inayambitsidwa ndi bungwe la CARE ku Niger mu 1991, poganizira amayi a kumudzi amene banki sinkawadziwa, koma lero yalowa m'maofesi, m'makwaya ndi m'magulu a WhatsApp, ndipo mabwana a tayi akulipira chindapusa cha kuchedwa kwa msungichuma amene ndi wosesa wa ofesi yawo yomwe. Chiwongoladzanja chake chimabwerera kwa eni ake pogawana mu December. Vuto limayamba munthu akalowa magulu atatu, kumakongola Lachiwiri kuti akabweze Lachinayi, kukongolanso Loweruka kuti akatseke ya Lachiwiri. Mayi wina wogulitsa kaunjika anati sabata yake inalibenso Lolemba kapena Lachisanu, masiku onse anali ndi mayina a asungichuma.

Achinyamata akuti iwo za manyazi anathana nazo, ngongole amatenga pa foni. Kutchova, Kutapa, Pasavute, mayina ake okoma ngati a maswiti. Mnyamata wina wokonza makompyuta anati foni ndi yabwino chifukwa siikufunsa kuti ndalama ya mwezi watha unapita nayo kuti. Aphunzitsi aja anangomuuza kuti malinga ndi lamulo la Credit Reference Bureau la 2010, mbiri ya wokongola imasungidwa, ndipo tsiku lina akadzafuna ngongole ya malata akhoza kudzaipeza ikumudikira.

Nanga mtima anthu akuuziziritsa bwanji? Apa ndiye mayankho ndi ambiri. Ena ayamba kuyenda wapansi kuchokera m'tauni mpaka ku Chilomoni, akuti pofika kunyumba ukali wa bwana watsalira m'njira, ndipo ya minibasi yasanduka ya ndiwo. Ena ndi a kwaya, amene akuti ukakweza mawu maola awiri sungathe kuwerengera chiwongoladzanja nthawi yomweyo. Ena amakwera phiri la Soche Loweruka kukapemphera. Madoda a bawo akuti pa bawo ndi pokhapo pomwe munthu amadya za mnzake popanda kubweza. A ku bala nawo amati akuchotsa nkhawa, koma ngakhale anzawo omwe amavomereza kuti kumeneko nkhawa imachoka usiku n'kubwera m'mawa itabereka kope lina.

Ndiye pali a geni. Pafupifupi ofesi iliyonse ili ndi mayi wa chikwama chachikulu: zitenje, mafuta onunkhira, mazira, nthawi zina nkhuku zosadzula kale. Amagulitsa pa ngongole kuti abweze ngongole yake, choncho pa 28 amene ankathawa foni ndi yemwe akuyenda ofesi ndi ofesi ndi kabuku m'manja, ndipo anzake ndi amene akubisala kuchimbudzi. Mmodzi anandiuza kuti geni inamuphunzitsa kumvera chisoni alandilodi ake. Koma kutopa kwake anakutchulanso. Amadzuka 4 koloko kukazinga mandasi, 8 koloko ali pa kompyuta, madzulo ali kumsika kukaoda. Lamulo la ntchito la 2000 limapatsa wogwira masiku asanu pa sabata tchuthi cha masiku 15 pachaka, ndipo wogwira masiku asanu ndi limodzi masiku 18, koma ambiri amene ndacheza nawo masiku amenewo amakathera kumunda kapena pa ulendo wokaoda katundu. Ndikanakonda atasiyako ngakhale atatu oti angogona, chifukwa m'mizere ya oyezetsa BP ku chipatala cha Queens muli anthu ambiri a zaka zogwira ntchito.

Pali nkhani imodzi imene pa memo anaikamba motsitsa mawu. Bambo wina wa ku fakitale ya ku Makata, wodziwika ndi nthabwala, anayamba kusowa pa nkhomaliro. Akafunsidwa ankati wadya kale. Kenako anasiya kuseka, anasiya kukangana za mpira, ndipo pa makina anayamba kulakwitsa zinthu zimene wazigwira zaka khumi. Amene anazindikira ndi mayi wophika nsima pa memo. Anaitana mnzake wa bamboyo n'kumuuza kuti, "Achimwene anu aja sakudya kwina kulikonse, apezeni." Aliyense pamenepo wamvapo apolisi akutchula ngongole pakati pa zifukwa zimene anthu, makamaka abambo, amadzichotsera moyo, choncho mnzakeyo sanadikire mawa. Anamutsatira poweruka, anayenda naye mpaka ku Chirimba, ndipo bamboyo anayamba kulankhula atadutsa kale theka la njira. Zinali ngongole zinayi, akazi ake osadziwa ngakhale imodzi.

Anzake a chipereganyu anagwirizana kuti mwezi umenewo alandire ndi iye, ngakhale kuti dzina lake linali la kumapeto. Ndalamayo anapita nayo awiri kwa katapila, n'kubwerako ndi khadi la ATM. Aphunzitsi aja anamulembera zitatu zotsalazo pa pepala limodzi, iliyonse ndi tsiku lake. Kuuza akazi ake anachita yekha, ndipo akuti imeneyo ndi imene inali ntchito yolemera kuposa zonse.

Dzulo ndinamupeza pa memo. Anali atangosamba m'manja pamene foni yake inalira, ndipo benchi yonse inakhala chete kumuyang'ana. Anapukuta dzanja pa ovolosi, anaitulutsa, nayankha: "Eya bambo, ndine. Theka ndikupatsani pa 28, theka linalo mwezi wamawa. Lembani choncho." Atadula anaona kuti tonse tikumuyang'anabe.

"Mukudabwa chiyani? Mayi, onjezerani mtanda umodzi. Koma umenewu ndilipira lero."

Dalaivala uja anayamba kuwomba m'manja, msuzi uli m'zala, ndipo mayi wophikayo anaika mitanda iwiri.