Ubongo wa galimoto ndi matumba anga a mpunga

Boma lathu la Chama linasamuka kawiri osakwera galimoto. Mu 2011 tinagona tili anthu a chigawo cha Kum'mawa, kudzuka tili a ku Muchinga. Mu 2021 anatibweza Kum'mawa komwe. Ulendo wonsewo, wopita ndi wobwera, sunadye ngakhale lita imodzi ya petulo. Ndikunena izi ndi nsanje, chifukwa galimoto yanga, imene ndimauza anthu kuti ndi yaliwiro kuposa zonse m'chigwa cha Luangwa, yatha miyezi inayi pansi pa mtengo wa mango, matayala akumera udzu.

Ndi Toyota Starlet Glanza ya 1997. Ndinaigula ndi ndalama za mpunga, inadzera ku Dar es Salaam ndi ku Nakonde ngati zinzake zochokera ku Japan. Injini yake ndi ija amati 4E-FTE, ya malita 1.3, ndipo inabwera ndi katurbo kake ka ku fakitale. Inkayenda bwinobwino, osatsokomola n'komwe. Vuto linali pomwepo. Ine chinthu chikamayenda bwino mtima sukhala m'malo, manja amayabwa.

Ndiye kunabwera alamu anga ochokera ku Johannesburg. Anatsegula boneti, nasuzumira, naseka chapansipansi.

"Alamu, katurbo aka n'koseweretsa ana," anatero.

Chaka chotsatira anabwera ndi turbo yaikulu, TD04 yochotsa ku Subaru, ataikulunga m'bulangete ngati khanda. Kwa amene simuidziwa, turbo ndi mvukuto. Utsi wotuluka mu injini umazungulitsa timapiko, timapikoto n'kumazungulitsa tinzake tokankhira mpweya wochuluka mu injini, monga wosula makasu amapemerera makala. Mvukuto ukakula, moto nawo ukula. Nzeru zanga zinathera pamenepo, ndipo ndinkaona ngati zakwana.

Tsiku loyesa, apongozi anga aakazi anapempha kuti ndikawatule kwa Kambombo. Anakhala kumbuyo, thadzi lawo lili pamiyendo. Titafika pamene msewu wawongoka ndinaponda mafuta kuti mayiwo aone kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi munthu wamba. Turbo inaimba likhweru, mpando unandikankha kumsana, kenako gwa! Galimoto inadzigwira yokha ngati yawomba chipupa. Apongozi anakapsompsona mpando wakutsogolo, thadzi linapezeka pa dashibodi likundiyang'ana ndi diso limodzi.

Kunali zii. Kenako, mwaulemu wonse: "Apongozi, kodi mwagunda mbuzi?"

Mbuzi kunalibe. Amakaniko anandifotokozera mawa lake. Pansi pa dashibodi pali kabokosi, kompyuta imene iwo amati ECU. Ndiyo imamva mmene injini ikuzungulira, mpweya umene ukulowa, kutentha kwa madzi ndi mmene phazi laponderera, n'kugamula kuti petulo alowe wochuluka bwanji ndiponso kuti pulagi ithetheke liti. A Toyota anaiphunzitsa kuti mphamvu ya mpweya, imene amakaniko amati boost, ikafika cha m'ma 0.8 bar, idule mafuta injini isanadzivulaze.

"Kunena zoona, bwana," anatero akupukuta manja, "m'galimoto munali anthu awiri, nkhuku ndi kompyuta. Imene inaganiza bwino ndi kompyuta."

Munthu wanzeru akanamva. Ine ndinaganiza zochotsa kompyutayo.

Mayi a kunyumba ndi amene anandithandiza kumvetsa nkhani ya mafuta, ngakhale sankadziwa kuti akuthandiza mdani. Nsima imafuna muyeso wa ufa ndi madzi. Injini nayo imafuna muyeso: magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo, poyeza kulemera. Koma turbo ikayamba kupemerera, petulo ayenera kuchulukirapo, mpweya utsike kufika cha m'ma 12 kapena kutsikirapo, ndipo pulagi ichedweko kuthetheka. Mukamana petulo, injini imatentha, imayamba kugogoda ngati mwana akugwedeza timiyala m'chitini, mapeto ake pisitoni imasungunuka. Nsima ikalakwika mumaonjeza ufa. Pisitoni ikalakwika mumagulitsa ng'ombe.

Ndinayamba kugona pa foni, mabandulo akutha ngati mchere wa pamaliro. Ndinapeza kuti njira zilipo ziwiri. Yoyamba amati piggyback: kabokosi koberekedwa pamsana pa kompyuta yakale, ntchito yake n'kuinamiza. Mpweya ukachuluka, iko kamakauza kompyuta kuti zonse zili bwino, khalani phee. Unichip ya ku South Africa ndi e-Manage ya kampani ya ku Japan ya GReddy zili m'gulu limeneli. Ine ndinakana. Ankhoswe abodza ndinawaona kale pa ukwati wa msuweni wanga, ndipo ukwatiwo unatha mvula isanagwe.

Yachiwiri amati standalone: kuchotseratu yakale, kuikapo mfumu yatsopano. Apa ndiye pali mayina olemera pakamwa. MoTeC ndi Haltech za ku Australia, Link ya ku New Zealand. Ine mitengo ya zinthu ndimawerengera m'matumba a mpunga a makilogalamu 50, ndipo nditasintha madola kukhala kwacha, kwacha kukhala matumba, ndinaona kuti MoTeC ingafune munda wanga, wa amalume ndi dambo la mpingo. Ndinatseka foni, n'kumwa madzi.

Zotsikirako zilipo. Ku South Africa amapanga Spitronics ndi Dicktator, zimene alamu amazitchula ngati mayina a anzawo a kumowa. Ku America kuli MegaSquirt, imene Bruce Bowling ndi Al Grippo anaiyambitsa kuti munthu azigula tizidutswa n'kulumikiza yekha. Ndiye pali Speeduino ya Josh Stewart wa ku Australia, yomangidwa pa kabolodi ka Arduino Mega 2560, pulogalamu yake yaulere. Mawu oti "yaulere" anandilowa mpaka m'mafupa. Koma nditaona kuti pafunika kuwotcherera timiyendo tating'ono ngati ta nyerere, ndinakumbukira wailesi ya agogo imene ndinaikonza ndili mnyamata. Mpaka lero m'banja mwathu nkhani ya wailesiyo imakambidwa motsitsa mawu.

Mapeto ake alamu anandipezera bokosi logwirapo kale ntchito, kwa mnzawo wa mnzawo. Dzina lake sinditchula, pakuti bokosilo silinalakwe kanthu. Linafika pa basi mpaka ku Lundazi, kuchokera kumeneko linakwera lole ya feteleza. Matumba asanu ndi limodzi. Kunyumba ndinanena kuti atatu.

Ndinatsegula katoni: bokosi lokha, mbee, ngati mkwatibwi wobwera wopanda mphika. Mawaya ake, ogula padera. Sensa ya mu ekizozi yoyeza muyeso uja wa mpweya ndi petulo, imene amati wideband, yogula padera. Popanda iyo muli ngati wophika mumdima. Mainjekita akale anachepa, pampu ya petulo inachepa. Walira mvula walira matope, koma ine matope ake anandifika m'khosi. Mayi a kunyumba anayamba kuwerenga matumba m'nkhokwe m'mawa uliwonse, mokweza, akuyang'ana ine.

"Abambo, mbewa za chaka chino zikunyamula thumba lathunthu?"

"Zakula, amayi. Mpunga wa ku Chama ndi wopatsa thanzi."

Chimene palibe anandiuza n'chakuti bokosi lotere limabwera lopanda kanthu m'mutu, ngati mwana wa giredi 1. Kompyuta yakale ija akatswiri a ku Japan anaiphunzitsa kudzuka m'mawa kukuzizira, kudekha pa mphambano, kukwera chitunda. Yatsopanoyi muyenera kuiphunzitsa nokha, kuyambira pa kuwerenga kuzungulira kwa injini. Mkati mwake muli mapu, mizere 16 chopingasa ndi 16 chotsika, timabokosi 256, ndipo m'kabokosi kalikonse mulembe nambala ya petulo. Mukamaliza, pali mapu ena otero a pulagi. Ine fomu ya feteleza ya tsamba limodzi amandilembera ndi mwana.

Ochita bwino amapita nayo galimoto pa dyno, makina amene matayala amazungulira pa zigubu galimoto ili pamalo amodzi, katswiri akutchuna. Ndinaimbira katswiri wina ku Lusaka. Mtengo wa manja ake unaposa wa bokosi. Anati ndingobwera nayo. Kuchoka kuno kudzera ku Lundazi ndi ku Chipata ndi makilomita oposa 800, pa galimoto yosayaka.

Tinaganiza zotchuna tokha. Mphwanga anabwereka laputopu ya batire yofooka, tinalowa msewu wa ku Matumbo, iye ali pambali panga, laputopu pamaondo, waya utadutsa pansi pa mwendo wanga. Masana atatu anathera pa kuliza injini yokha. Italira tinakumbatirana ngati tapambana chisankho. Ndiye kuyenda. Mnyamata akati alembe 58, tayala m'dzenje, chala n'kulemba 85. Ine, poopa timiyala ta m'chitini tija, ndinkangokuwa kuti, "Onjeza petulo, mphwanga, onjeza!" Anaonjeza. Kumbuyo kwathu kunatuluka utsi wakuda ngati tikuwotcha matayala posaka mbewa, maso akuyabwa, muvi wa petulo ukutsika tikuuona. Kenako laputopu inazima, mapu osasungidwa, galimoto nayo inazima, mapulagi ali bii ndi mwaye.

Tili chiimire, inatidutsa ngolo ya ng'ombe ziwiri itasenza mpunga. Mwini wake anavula chipewa.

"Odi, akuluakulu a liwiro. Tikukokeni?"

Anatikoka. Tinalowa m'boma dzuwa likulowa, kudutsa pamsika penipeni, ine nditagwira chiwongolero mwaulemu, ng'ombe zikuchita zimene ng'ombe zimachita patsogolo pa boneti yanga. Ana anatiperekeza mpaka kunyumba akuimba likhweru la turbo.

Amakaniko akuti njira zatsala ziwiri: kubwezera katurbo ndi kompyuta ya ku Japan, kapena kukweza galimoto pa lole mpaka ku Lusaka. Ine ndasankha Lusaka, chifukwa kubwerera m'mbuyo anthu angaseke. Ndinamuimbiranso katswiri uja, wati ndifike Lachiwiri. Ndapita kukatsegula chitseko kuti ndiyambe kukonzeka, ndapeza thadzi la apongozi lija lafungatira mazira khumi ndi awiri pampando wakumbuyo, pomwe linakhala tsiku lija. Landitemera chala.

Mayi a kunyumba atulukira pakhomo, mthiko uli m'manja.

"Nkhuku imafungatira masiku 21, abambo, ndipo iyi yayamba dzana. Makiyi ali kwa ine. Galimotoyo kwa nthawi yoyamba ikubweretsa phindu pakhomo pano, musaisokoneze."